Chilatini pa yunivesite: tichisiye, kapena tichimasulire m'Chichewa?

Nthambi yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pa yunivesite ya Malawi ku Zomba inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Kamuzu Banda ali pampando. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa ndi Caroline Alexander, yemwe anaphunzitsa kumeneko kuyambira 1982 mpaka 1985. Pa nthawiyo n'kuti Kamuzu Academy itangotsegulidwa kumene ku Mtunthama mu 1981, sukulu imene mwana aliyense ankaphunzira zinenero ziwirizi, afune asafune. Kuchokera nthawi imeneyo funso limodzi silinazilale: n'chifukwa chiyani mwana amene makolo ake agulitsa mbuzi kuti apeze fizi azichezera usiku akulimbana ndi chiganizo cha munthu amene anafa zaka zoposa 2,000 zapitazo, m'chinenero chimene palibe mayi amene amatonthozera mwana lero? Funsoli si la kuno kokha. Oxford ndi Cambridge anasiya kufuna Chilatini kwa aliyense wolowa m'sukulu zawo mu 1960. Mu 2021 yunivesite ya Princeton ku America inalola kuti munthu atenge digiri ya maphunziro a Agiriki ndi Aroma osaphunzira zinenero zawo, ndipo chaka chomwecho Howard University, sukulu yakale ya anthu akuda ku Washington, inalengeza zothetsa nthambi yake. Ngati amene timawati eni ake akubwerera m'mbuyo, ife tikukakamiriranji? Ine ndikuti kalasi yomasulira zolemba za Cicero, Caesar, Sallust ndi Tacitus isatsekedwe. Komabe zifukwa zambiri zimene oikonda amapereka n'zofooka, ndipo vuto lalikulu la kalasiyi n'lakuti njira yake imathera pa Chingerezi.

Amene akufuna kuti phunziroli lichoke ali ndi mfundo zolemera, ndipo sakulankhula mwaumbuli. Yoyamba ndi ya ndalama. Dziko limene zipatala zake zikusowa anamwino ndi madokotala, limene malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza MSCE, silingataye mpando ndi malipiro a mphunzitsi pa phunziro limene olemba ntchito salitchula n'komwe. Ina ndi ya mbiri. Chilatini chinafika kuno ndi amishoni, m'Misa imene akhristu ankaimva osaimvetsa mpaka msonkhano wa Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatsegulira khomo zinenero za anthu. Kenaka chinakwezedwa ndi mtsogoleri amene ankaona munthu wosachidziwa ngati wosaphunzira mokwanira. Choncho kwa ambiri chimanunkha mtima wonyoza za kwathu. Koma yovuta kwambiri kuyankha ndi iyi: mabuku onse akuluakulu a Aroma anamasuliridwa kalekale. Loeb Classical Library, imene James Loeb anayambitsa mu 1911, imaika Chilatini kumanzere ndi Chingerezi kumanja m'timabuku tofiira tokwana m'thumba, ndipo zomasulira zakale zambiri zili pa intaneti mwaulere. Wofuna kudziwa mmene Roma inagwera m'manja mwa munthu mmodzi angamalize mabuku asanu m'Chingerezi pamene mnzake wa Chilatini akadali pa masamba oyambirira a buku limodzi. Wapindula ndani pamenepa?

Oikira kumbuyo Chilatini nthawi zambiri amayankha mophonya. Amati chimanola ubongo, kuti wochidziwa amaganiza bwino pa chilichonse. Edward Thorndike, katswiri wa ku America, anayesa zimenezi pa ana asukulu masauzande ambiri m'zaka za m'ma 1920, ndipo sanapeze kuti ophunzira Chilatini amaposa anzawo kwenikweni pa kuganiza. Amatinso chimathandiza maloya ndi madokotala, koma mawu ochepa a Chilatini amene amamveka m'khoti kapena m'chipatala munthu angawaloweze osatsegula Cicero. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe nkhani ndi yosiyanako, popeza malamulo awo anachokera kwa Aroma kudzera kwa Adatchi ndipo mabuku a Johannes Voet, olembedwa m'Chilatini, amatchulidwabe m'makhoti. Koma malamulo a Malawi ndi Zambia anatsata a ku England. Mfundo zimenezi tizisiye. Ngati phunziroli lili ndi phindu, lili m'ntchito yeniyeni yomasulira.

M'Chilatini malo a liwu m'chiganizo sakuuza amene wachita ndi amene wachitiridwa. Chimene chimakuuza ndi mathero a liwulo. Dzina limodzi limasintha kumapeto kwake malinga ndi ntchito yake, kaya ndi mwininkhani, pamtherankhani, mwini chinthu kapena chida, ndipo wolemba amasanja mawu mmene akufunira kuti am'khudze womvera. Cicero amatha kuyamba chiganizo, kulowetsamo tiziganizo tina tinayi kapena tisanu, n'kusunga mneni wamkulu mpaka kumapeto kwenikweni. Wophunzira amatenga pensulo, kusaka mneni ameneyo, kumuzunguliza, kubwerera kukafuna mwininkhani wogwirizana naye, kenaka kufunsa liwu lililonse lotsala kuti likutumikira ndani. Akasokoneza mathero amodzi, wakupha amasanduka wophedwa. Ambiri a ife, ngakhale a madigiri, timawerenga mothamanga: maso amadutsa pa chikalata cha ngongole kapena pa lipoti la boma, timatola mawu amene tikuwadziwa, n'kukhulupirira kuti tamva. M'kalasi yomasulira kudumpha kotere n'kosatheka, chifukwa mphunzitsi adzaloza kaliwu kamene wakasiya n'kufunsa kumene wakaika. Sindikunena kuti zimenezi zimam'patsa munthu nzeru za masamu. Ndikunena kuti amaphunzira kuona mmene chiganizo chimamangidwira kuti chionetse china n'kubisa china, ndipo amaphunzira pa zolemba za anthu amene anali akatswiri pa luso limeneli, andale ndi akazembe a nkhondo amene ankalemba kuti adziyeretse.

Tengani Julius Caesar. Buku lake la nkhondo ya ku Gaul, dera limene lero muli France ndi Belgium, lakhala loyambira ophunzira kwa mibadwo yambiri chifukwa Chilatini chake n'chosalala. Kusalalako ndiko msampha. Pofotokoza zimene anachita, Caesar sanena kuti ine. Amadzitchula dzina ngati akunena za munthu wina, kotero kuti nkhani yake imamveka ngati ya mboni yosakondera. M'buku loyamba akuti mtundu wa Helvetii ndi anzawo amene ananyamuka kwawo mu 58 BC anali 368,000, ndipo amene anabwerera atagonjetsedwa anali 110,000. Sakuima kuti alire kapena kudzitama. Wapereka manambala, wadutsa. M'buku lachisanu ndi chiwiri, mzinda wa Avaricum utagwa mu 52 BC, akuti mwa anthu pafupifupi 40,000 anapulumuka ngati 800 okha. Amene akumasulira ndime imeneyi yekha amaona dongosolo lake. Choyamba chabwera chifukwa: asilikali anali ndi mkwiyo pokumbukira Aroma amene anaphedwa ku Cenabum, anali atatopanso ndi ntchito yozinga mzinda. Pambuyo pake m'pamene akutchulidwa okalamba, amayi ndi makanda amene sanasiyidwe. Ndipo m'chiganizo chimenecho mtsogoleri wa asilikaliwo mulibe. Munthu amene mizere ingapo m'mbuyomo anali paliponse, kulamula ndi kulonjeza mphoto kwa oyamba kukwera linga, wasowa pa nthawi yeniyeni ya magazi. Womasulira m'Chingerezi akhoza kusunga dongosolo limeneli kapena kulisalaza, ndipo wowerenga ntchito yake sangadziwe chimene wachita. Koma wophunzira amene wasaka mwininkhani ndi pensulo n'kupeza kuti si Caesar, sadzawerenganso chikalata chonena kuti anthu ataya miyoyo osafunsa kuti anawapha ndani. Yankho langa kwa amene akuti mabuku asanu a m'Chingerezi aposa masamba ochepa a Chilatini n'lakuti awiriwa sakuphunzira chinthu chimodzi. Woyamba akudziwa zimene zinachitika monga wauzidwira. Wachiwiri akuona mmene wouzayo akumuuzira.

Cicero amaphunzitsa chimodzimodzi kuchokera m'bwalo la milandu. Mu 70 BC anazenga Verres, amene analamulira chilumba cha Sicily zaka zitatu n'kuchiseseratu, kuyambira tirigu wa alimi mpaka zosema za m'nyumba zopembedzeramo. Verres anathawira ku Massilia mlandu usanathe, motero zolankhula zisanu za gawo lachiwiri sizinalankhulidwe pamaso pa oweruza. Cicero anangozilemba n'kuzifalitsa, koma zimamveka ngati woimbidwa mlanduyo wakhala pomwepo. Womasulira amakumana ndi umboni weniweni wa katangale wosakanikirana ndi luso lokometsera, ndipo ntchito yake ndi kulekanitsa ziwirizi, chiganizo ndi chiganizo.

Nanga za utsamunda? N'zoona kuti Chilatini chinagwiritsidwa ntchito ngati mpanda wolekanitsa osankhidwa ndi anthu wamba, ndipo makalata a apapa a 1452 ndi 1455, amene anapatsa mfumu ya Portugal chilolezo chogonjetsa ndi kugwira ukapolo anthu osakhala akhristu, analembedwa m'chinenero chimenechi. Koma zimenezo ndi chifukwa chakuti pakhale Aafirika otha kuwerenga zikalatazo okha, osati kudikira kuti zidzukulu za amene anazilemba ziwauze zimene zikunena. Ndiponso nkhani yonse ya mmene wolamulira amagwiritsira ntchito sukulu inalembedwa kale m'Chilatini momwemo. Tacitus, polemba za apongozi ake Agricola mu AD 98, akufotokoza mmene bwanamkubwayu anatengera ana a mafumu a ku Britain n'kuwaphunzitsa, mpaka amene ankakana chinenero cha Aroma anayamba kuchifunitsitsa ndi kuvala ngati Aroma. Kenaka akunena mosabisa kuti chimene iwo ankachiyesa chitukuko chinali mbali ya ukapolo wawo. Tacitus sanali bwenzi la ogonjetsedwa, ankatamanda munthu amene anawagonjetsa, ndipo ichi n'chimene chimachititsa ndimeyi kukhala yolasa mtima: wolamulira akuulula yekha njira yake. Mwana wa ku Malawi akaimasulira amazindikira kuti Angerezi nawonso anadutsa pamene makolo ake anadutsa. Komanso kunena kuti Chilatini ndi cha azungu okha n'kulanda Africa zake. Apuleius anabadwira ku Madauros ndipo Augustine, amene anakhala kuyambira 354 mpaka 430, anabadwira ku Thagaste, yonse mizinda ya m'dziko limene lero ndi Algeria. Tertullian ndi Cyprian anali a ku Carthage, ku Tunisia wa lero. Mu 1734 Anton Wilhelm Amo, wochokera ku gombe la Ghana, anateteza kafukufuku wake wolembedwa m'Chilatini pa yunivesite ya Wittenberg ku Germany.

Pamene otsutsa akunena zoona, kuposa mmene iwo eni akudziwira, ndi pa chinenero chimene timamasulirira. Mabuku otanthauzira mawu amene wophunzira amadalira, monga la Lewis ndi Short la 1879 kapena Oxford Latin Dictionary imene inamalizidwa mu 1982, amachokera ku Chilatini kupita ku Chingerezi, ndipo mabuku a galamala amene amabwera nawo analembedwera mwana wolankhula Chingerezi. Wolankhula Chichewa amakakamizika kuoloka mitsinje iwiri pamene unalipo umodzi, ndipo pa kuoloka kwachiwiriko amataya zinthu zimene anali nazo kale m'manja. Iye amadziwa kuyambira ali wakhanda kuti mawu amagwirizana, kuti "mtengo waukulu wagwa" koma "mitengo ikuluikulu yagwa". Chichewa chimaika chizindikiro cha mgwirizano kumayambiriro kwa liwu, Chilatini kumathero, koma khutu lomvera mgwirizanowo ndi limodzi, ndipo mwana wa Chingerezi amayenera kuliphunzira movutikira. Pa ubale zinthu zimaoneka bwino koposa. Pliny wamng'ono analembera Tacitus kalata yofotokoza imfa ya Pliny wamkulu, mkulu wa zombo za nkhondo ku Misenum, amene anafa phiri la Vesuvius litaphulika mu AD 79. Chilatini chili ndi liwu la mchimwene wa bambo ndi liwu lina la mlongo wa mayi, ndipo Pliny akugwiritsa ntchito lachiwirili. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la onse awiri, choncho ubalewo umafufutika. M'Chichewa womwalirayo ndi amalume ake, ndipo wowerenga amamva nthawi yomweyo kulemera kwa maliro amenewa, makamaka akadziwa kuti mnyamatayo anali wamasiye wa bambo ndipo amalumewo anam'siyira dzina ndi chuma. Apa mphunzitsi wabwino adzachenjezanso kuti Aroma ankawerengera mtundu kuchimuna, kotero kuti malume wa ku Roma sanali mwinimbumba monga wa kwa Achewa. Kukambirana kotereku, kuyeza pamene tikufanana ndi pamene tikusiyana, sikungabuke ngati kalasi yonse yabisala kuseri kwa liwu limodzi la Chingerezi.

Chichewa chimakakamizanso womasulira kuweruza pamene Chingerezi chimamulola kuzemba. Mu November 63 BC Cicero anaimirira m'bwalo la akuluakulu a Roma n'kulankhula ndi Catiline maso ndi maso, kumunena kuti akukonza chiwembu cholanda boma. Catiline anali wa banja lakale lolemekezeka, Cicero anali munthu wochokera ku tauni yaing'ono ya Arpinum amene makolo ake sanakhalepo pa udindo waukulu ku Roma. Kodi m'Chichewa Cicero anene kuti "iwe" kapena "inu"? Chilatini sichithandiza mwachindunji, chifukwa chimalankhula ndi munthu mmodzi aliyense mofanana, kapolo kaya mfumu. Pliny, polembera mfumu Trajan cha m'ma AD 112 kufunsa chochita ndi akhristu a ku Bithynia, akugwiritsa ntchito mlowam'malo yemweyo, ngakhale akuitchula mfumuyo kuti mbuye. Kwa Trajan palibe Mchewa angalembe "iwe". Kwa Catiline wophunzira ayenera kuwerenga zolankhula zonse, kumva ukali wake, kudziwa amene anali pamwamba pa mnzake tsiku limenelo, ndiyeno n'kusankha pakati pa "iwe" wonyazitsa pagulu ndi "inu" wozizira amene akuluakulu amalasana naye pabwalo. Onse awiri akhoza kutetezedwa, koma palibe angasankhidwe ndi munthu amene sanamvetse nkhaniyo.

Ena adzati Chichewa chilibe mawu okwanira nzeru za Aroma. Mawu omwewa ankanenedwa za Chilatini. Mu 45 BC, poyamba buku lake lotchedwa De Finibus, Cicero anayenera kuyankha Aroma anzake ophunzira amene ankati nkhani zakuya ziziwerengedwa m'Chigiriki basi, ndipo ankanyoza zolembedwa m'chinenero chawo. Iye sanadikire kuti mawu apezeke kaye. Anamasulira, anapinda mawu akale kuti anyamule katundu watsopano, ndipo pamene panalibiretu anapanga, monga liwu loti qualitas limene zinenero zambiri za ku Ulaya zinatengera. Chinenero chimene lero tikuchiopa ngati chozama chinazama chifukwa anthu ake anakana kukhulupirira kuti n'chosaya. Nafenso tili ndi umboni wathu. Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake, pamodzi ndi Amalawi amene ankawathandiza, analimaliza n'kutuluka mu 1922, linanyamula malamulo a Chiheberi ndi ziganizo zazitali zopotana za Paulo, ndipo Buku Loyera la 1998 linaonetsa kuti ntchito yomweyo ingachitikenso m'Chichewa cha masiku ano. Chinenero chimene chinasenza kalata ya kwa Aroma sichingalephere kalata za Aroma ena.

Pali amene akuti makina a pa kompyuta tsopano amamasulira Chilatini m'kuphethira kwa diso. Amaterodi, ndipo wophunzira aziwagwiritsa ntchito. Koma makina amapereka chiganizo chosalala ngakhale pamene maziko ake ndi ogwedera. Mabuku asanu ndi limodzi oyamba a Annales ya Tacitus, nkhani ya ulamuliro wa Tiberius, anatifika kudzera m'buku limodzi lokha lolembedwa pamanja m'zaka za m'ma 800, limene lero likusungidwa ku Florence. Pamene wokopera analakwitsa, akatswiri amachita kulingalira chimene Tacitus analemba, ndipo nthawi zina samvana. Payenera kukhala munthu wodziwa kuti liwu limene makina alimasulira molimba mtima lili pa malo okayikitsa, apo ayi tidzalandira chilichonse chimene tapatsidwa.

Mfundo ya ndalama siingathetsedwe yonse, ndipo sindikufuna kuinyalanyaza. Chilatini chisakhale chokakamiza kwa aliyense. Kukakamiza n'kumene kunachidetsa. Koma kalasi yomasulira siifuna labotale kapena makina odula. Imafuna mphunzitsi, mabuku ochepa ndi ophunzira ochepa ofunitsitsa, ndipo ambiri a iwo angaphatikize phunziroli ndi malamulo, mbiri, zaumulungu kapena zinenero za kuno. Chimene ndikupempha n'chakuti pa mayeso ndime iliyonse izimasuliridwa kawiri, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka ndi m'Chiyao kwa amene ndizo zinenero zawo, ndipo a Chilatini aziyesa ntchitoyo pamodzi ndi akatswiri a zinenero za kuno. Onsewa ali ku Zomba komweko, kuphatikizapo a Centre for Language Studies amene anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Mndandanda wa mawu a Chilatini ndi Chichewa ungakule kuchokera m'makope a ophunzira, chaka ndi chaka. Buku loyambira lilipo kale: nkhani ya Sallust ya nkhondo ya Jugurtha, mitu 114 yokha, yochitikira ku Numidia kumpoto kwa Africa. Muli mkangano wa ufumu pakati pa ana a mfumu Micipsa ndi Jugurtha, mwana wa mbale wake amene anamulera, muli ziphuphu zimene Jugurtha anagulira akuluakulu a ku Roma, muli mpongozi wake Bocchus amene anam'pereka kwa adani mu 105 BC. Wolemba wake analamulirapo dera lomwelo mu 46 BC ndipo anaimbidwa mlandu wolidyera masuku pamutu, choncho kalasi idzayenera kumasulira kudzudzula kwake katangale ikudziwa kumene chuma chake chinachokera.